Mseu Ngwa Yani?

M'mwezi wa May, caka ca 1997, mai wina wa ku Denmark anali pa ulendo mu mzinda wa New York pamodzi ndi mwana wace wamkazi wa miyezi 14. Tsiku lina mai uyu analowa m'nyumba yodyera pamodzi ndi atate a mwanayo, nasiya mwana m'cikuku cace panja, pafupi ndi zenera, pamene iye anali kumuona ali m'kati. Sipanapite nthawi yaitali apolisi anafika, pakuti anthu ena anawaitana. Makolo onse awiri anamangidwa, ndipo mwana anatengedwa ndi a boma nasungidwa ndi anthu ena masiku angapo. Pambuyo pace mlandu unathetsedwa, koma mbiri yace inamveka m'maiko ambiri. Anthu a ku America anazizwa kuti mai wa nzeru zace angathe kusiya khanda pa mseu. Anthu a ku Denmark anazizwa koposa, cifukwa kwao zikuku za ana ogona zimaima pa makomo a masitolo ndi a nyumba zodyera ngakhale m'nyengo yozizira, ndipo palibe amene amaonapo mlandu.

Kodi kusiyana kotere kunacokera kuti? Ena amati makolo a ku Ulaya ngolimba mtima, ndipo a ku America ngamantha. Ena amati ku America kuli anthu oipa ambiri. Koma munthu akafufuza mbiri ya maiko amenewa, apeza kuti kuciyambi kwa zaka za 1900 ana a tsidya lino ndi tsidya lija la nyanja ya Atlantic anali kukula mofanana. Cimene cinawasiyanitsa ndico galimoto, makamaka yankho limene dziko liri lonse linapereka pamene galimoto inayamba kupha ana. Funso linali lakuti: acoke pa mseu ndi mwana, kapena licepe ndi liwiro la galimoto?

MSEU USANAKHALE WA GALIMOTO

M'masiku amenewo mseu wa mu mzinda unali ngati bwalo la pamudzi. Ku New York, ku London ndi ku Amsterdam comwe, amalonda anali kugulitsiramo zipatso ndi nsomba, akulu anali kucezeramo, ndipo ana anali kuseweramo mpira kufikira dzuwa litalowa. Nyumba za anthu osauka zinali zothinana, zopanda mabwalo, cotero mwana analibe kwina kosewera. Mwana wa zaka 7 anali kutumidwa kukagula mkate, kupita yekha ku sukulu, ndi kulera mng'ono wace pakhomo. Ngolo za akavalo zinali kupweteka anthu nthawi zina, koma kuyenda kwace kunali kwa pang'ono-pang'ono, ndipo munthu anali kuzimva zikali kutali.

Sikuti masiku amenewo anali okoma m'zonse ai. Ana ambiri anali kufa ndi nthenda, ndipo ambiri anali kugwira nchito zolemetsa m'mafakitale ndi m'migodi. Koma kunena za kuyenda, mwana anali mfulu, ndipo anthu onse anali kubvomereza kuti mseu ngwa ali yense.

GALIMOTO IGONJETSA MISEU YA AMERICA

Mu 1908 Henry Ford anayamba kugulitsa galimoto yochedwa Model T. Mtengo wace unanka nutsika, ndipo patapita zaka zowerengeka magalimoto anadzaza mizinda ya America. Koma walira mvula walira matope. Kuyambira 1920 kufikira 1929 anthu oposa 200,000 anafa pa miseu ya dzikolo. M'mizinda ambiri a iwo anali oyenda pansi, ndipo pakati pa oyenda pansiwo ana anali oculuka.

Poyamba anthu sanakaike za mwini mlandu. Nyuzipepala zinali kujambula galimoto ngati cirombo cakudya ana. Mu 1922 anthu a ku Baltimore anaimika cipilala cokumbukira ana 130 amene anafa pa ngozi m'caka ca 1921, monga momwe anthu amacitira pokumbukira asilikali ofera ku nkhondo. Mu 1923 anthu 42,000 a ku Cincinnati analemba maina ao pa kalata yopempha lamulo lakuti galimoto iri yonse ya mumzindamo iikidwe kacitsulo koiletsa kuthamanga kupitirira mailosi 25 pa ora limodzi.

Opanga ndi ogulitsa magalimoto anaona kuti malonda ao ali m'madzi, pakuti ndani angagule galimoto yosathamanga? Anasonkha ndalama, nalemba m'nyuzipepala, natumiza makalata kwa eni magalimoto, ndipo pa tsiku la voti pempho lija linagonja. Kucokera pamenepo iwo anayamba nchito yaikulu yotembenuza maganizo a anthu. Anachukitsa liu lakuti jaywalker. M'kalankhulidwe ka nthawi ija, jay anali munthu wa kumidzi wosadziwa makhalidwe a m'tauni. Tsono ali yense wooloka mseu pa malo osaloledwa anali kusekedwa ndi dzina limeneli. Mu 1925 mzinda wa Los Angeles unaika lamulo lolamulira kayendedwe ka oyenda pansi, kuti asaoloke pali ponse monga kale. Mu 1928 lamulo lofanana nalo linalembedwa kuti likhale citsanzo kwa mizinda yonse, pa misonkhano imene anaitanitsa Herbert Hoover pamene anali nduna ya zamalonda. Bungwe la eni magalimoto, American Automobile Association, linalowa m'masukulu ndi maphunziro ouza ana kuti mseu si malo osewerapo. Cotero pofika 1930 mlandu unali utatembenuka. Mwana akagundidwa, anthu analeka kufunsa cimene woyendetsa anathamangira, nayamba kufunsa kumene amace a mwanayo anali.

Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, anthu a ku America anamanga midzi yatsopano kunja kwa mizinda. Wochuka pa yonse ndi Levittown, pafupi ndi New York, kumene nyumba zoposa 17,000 zinamangidwa pakati pa 1947 ndi 1951. M'malo ambiri malamulo a kamangidwe analekanitsa malo a nyumba ndi malo a masitolo ndi a nchito, ndipo mu 1956 Pulezidenti Eisenhower anasaina lamulo lakumanga miseu ikulu-ikulu ya mailosi 41,000. Masukulu ang'ono-ang'ono anaphatikizidwa, ndipo atsopano ambiri anamangidwa kutali, kumene malo anali ochipa. Poyamba ana a m'midzi imeneyi anali nao ufulu ndithu, pokhala anali ambiri, ndipo amai ambiri anali kukhala pa nyumba usana wonse. Koma m'kupita kwa zaka sitolo, sukulu ndi bwalo la mpira zinatalikira, ndipo pakati pa izo ndi nyumba panagona miseu yotakata imene ngakhale munthu wamkulu aopa kuoloka. Ciwerengero cionetsa bwino kusintha kumeneku. Mu 1969 ana 48 mwa ana 100 ali onse a zaka 5 kufikira 14 anali kupita ku sukulu pansi kapena pa njinga. Mu 2009 anatsala 13 okha.

HOLLAND AYANKHA MWA NJIRA INA

Ku Ulaya magalimoto anacedwa kuculuka cifukwa ca nkhondo ndi umphawi umene unatsatapo. Koma m'zaka za 1950 ndi 1960 cuma cinabwerera, ndipo maiko ambiri anayamba kuponda m'mapazi a America. Dziko la Netherlands, limene ambiri alicha Holland, lidziwika lero ngati dziko la njinga. Koma pa nthawi ija akulu a mizinda yace anali kugumula nyumba zakale ndi kukwirira ngalande kuti apange miseu ya magalimoto, ndipo mabwalo a misika anasanduka poimika magalimoto. Okwera njinga anali kucepa caka ndi caka. Mu 1971 anthu oposa 3,000 anafa pa miseu ya dzikolo, ndipo oposa 400 a iwo anali ana. Dziko lonselo linali ndi anthu 13 miliyoni okha.

Pakati pa makolo oferedwa m'zaka zimenezo panali Vic Langenhoff, mlembi wa nyuzipepala yochedwa De Tijd. Mu 1972 bambo uyu analemba nkhani ya mutu wakuti Stop de Kindermoord, ndiko kunena kuti lekani kupha ana. Mauwa anali olasa mtima, cifukwa cimene anthu anazolowera kucicha ngozi iye anacicha kupha. Makolo ambiri, makamaka amai, anapanga bungwe la dzina lomwelo, ndipo mtsogoleri wace woyamba anali mai wacicepere wa ku Amsterdam, Maartje van Putten, amene pambuyo pace anakhala phungu m'Nyumba ya Malamulo ya Ulaya. Anthu a bungweli anali kusonkhana pa malo pamene panafera ana, kutseka miseu kuti ana aseweremo, ndi kuyenda pa njinga m'magulu akulu kukadandaula kwa akulu a boma. Ku De Pijp, dera la anthu osauka la mu Amsterdam, ana a sukulu eni ace anaimirira napempha kuti apatsidwe mseu wosewerapo.

Pempho limeneli linafanana ndi lija la ku Cincinnati la zaka 50 m'mbuyomo. Nanga cinasiyana nciani? Coyamba, cuma ca Holland sicinali kudalira kupanga magalimoto monga ca America. Mizinda yace inali yakale ndi yothinana, ndipo akulu onse anali kukumbukira ubwana wao wa pa njinga. Caciwiri, mu October 1973 maiko a Aarabu analeka kugulitsa mafuta ku Holland cifukwa ca nkhondo yao ndi Israel, ndipo kuyambira November boma la Joop den Uyl linaletsa magalimoto kuyenda pa tsiku la Lamulungu. Kwa masabata angapo anthu anaona miseu iri zii, ana akupalasa njinga ngakhale pa miseu ikulu, ndipo anakumbukira cimene anataya.

Boma linamva. Linapatsa bungwe lija ndalama zoyendetsera nchito yace. Ku Delft anthu anali atayamba kale kuyesa mseu wa mtundu watsopano wochedwa woonerf, ndiko kunena kuti bwalo la pakhomo. Umenewu ndi mseu wokhota-khota, wa mitengo, mipando ndi zitunda, m'mene galimoto ilowa ngati mlendo niyenda pa liwiro la munthu wa pansi, ndipo ana aloledwa kusewera pali ponse. Mu 1976 mseu wotere unalowa m'malamulo a dziko. Mizinda ya Tilburg ndi The Hague inamanga njira za njinga zopatulidwa ku mseu wa magalimoto, ndipo mizinda ina inatsatira. Pambuyo pace miseu yambiri ya pakati pa nyumba inaikidwa malire a makilomita 30 pa ora.

Nzeru ya zonsezi inali imodzi. Mwana ndi mwana. Tsiku lina adzalakwa ndithu, adzathamangira mpira osayang'ana. Cifukwa cace mseu umangidwe mwakuti kulakwa kwa mwana kusakhale imfa yace. Kuyambira 2010 kufikira 2019 anthu ofa pa miseu ya Holland anali pakati pa 500 ndi 700 pa caka, ndipo ana osafika zaka 15 sanali kukwana 30 pa caka, ngakhale magalimoto anali ataculuka kwambiri kuposa mu 1971. Ana ambiri a kumeneko apita ku sukulu pa njinga, ndipo m'masukulu ambiri a pulaimale ayesedwa mayeso a malamulo a pa mseu.

Maiko a kumpoto kwa Ulaya anayenda njira yofanana nayo. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo ya Sweden inabvomereza mfundo yakuti imfa ya pa mseu siyenera kulandiridwa ngati mtengo wa ulendo, ndi kuti omanga miseu ali nalo gawo lao pa mlandu. Mu 2019 mizinda ya Oslo ku Norway ndi Helsinki ku Finland inatha caka conse popanda woyenda pansi ndi mmodzi yemwe wofa pa mseu.

MANTHA ATSOPANO KU AMERICA

Ku America, pamene ana anali atayamba kale kucepa pa miseu, panagwa zinthu zimene zinaonjezera mantha a mtundu wina. Pa 25 May 1979 mnyamata wa zaka 6, Etan Patz, anacoka pa nyumba ku New York kunka pokwerera basi ya sukulu. Linali tsiku loyamba makolo ace kumlola kuyenda yekha, ndipo mtunda wace unali waufupi. Sanaonekenso. Mu 1981 mwana wina wa zaka 6, Adam Walsh, anabedwa pa sitolo ina yaikulu ku Florida naphedwa. Wailesi ya kanema inalowetsa nkhope za ana awa m'nyumba iri yonse. Mu 1983 Pulezidenti Reagan anapatula tsiku la 25 May kuti likhale lokumbukira ana osowa, ndipo kuyambira 1984 zithunzi za ana osowa zinali kusindikizidwa pa mapaketi a mkaka, kotero kuti mabanja anali kuziona m'mawa uli wonse pa nthawi ya cakudya.

Cisoni ca makolo aja cinali ceni-ceni, ndipo khama lao linaphunzitsa apolisi kufuna-funa ana osowa msanga. Koma ziwerengero zimene zinamveka masiku amenewo zinasokoneza anthu, pakuti ambiri a ana ochedwa osowa anali othawa okha kwao, kapena otengedwa ndi kholo limodzi pa kutha kwa ukwati. Pamene boma linawerenga mosamala, linapeza kuti mu 1999 ana obedwa mwa njira yoopsa ija ndi munthu wosamdziwa bwino anali ngati 115, m'dziko la ana oposa 70 miliyoni. M'caka comweco ana osafika zaka 15 amene anafa pa ngozi za magalimoto anali oposa 2,000, ndipo ambiri a iwo anafera m'kati mwa galimoto, momwe makolo anawaika poyesa kuwachinjiriza.

Apa makolo anagwa mu msampha wobvuta kuturukamo. Kholo loopa mseu linyamula mwana wace pa galimoto, ndipo galimoto yaceyo ionjezera ngozi kwa mwana wa mnzace amene akali kuyenda pansi. Tsono mnzaceyo nayenso aleka kulola mwana wace kuyenda. Ana akatha pa mseu, mmodzi amene atsala aoneka ngati wotayika. Mwambi uti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo m'mizinda ya America momwemo munali nthawi imene mnansi wokhala pa khonde anali mlonda wa ana onse a pa mseu wace. Koma anthu atasiya kuyenda pansi anasiyanso kudziwana, ndipo mnansi woona mwana ali yekha anayamba kuitana apolisi.

Mu 2008 Lenore Skenazy, mlembi wa nyuzipepala ku New York, analola mwana wace wa zaka 9 kubwerera yekha kunyumba pa sitima ya pansi pa nthaka, atampatsa mapu, tikiti ndi madola 20. Mwanayo anafika bwino ali wokondwa. Koma mai uja atalemba nkhaniyi, anachedwa mai woipitsitsa wa mu America yense. Iye sanagonje, mu 2009 analemba buku lochedwa Free-Range Kids, dzina lobwereka ku nkhuku zimene zidzifunira cakudya pabwalo zosatsekeredwa m'khola. Mu December 2014, ku Maryland, apolisi anatola ana awiri a banja limodzi, wa zaka 10 ndi wa zaka 6, amene anali kubwerera kwao kucokera kosewera, ulendo wa ngati mailo imodzi, ndipo makolo ao anafufuzidwa ngati osasamala ana kufikira anapezeka opanda mlandu mu 2015. Zitatero, mu 2018 cigawo ca Utah cinaika lamulo lakuti si mlandu kulola mwana wa msinkhu woyenera kupita yekha ku sukulu kapena kusewera panja. Texas ndi Oklahoma anaika malamulo ofanana nalo mu 2021. Cimene agogo anacita osaganiza kawiri, adzukulu anacifunira cilolezo ca lamulo.

ULAYA SALI MMODZI

Munthu asaganize kuti Ulaya yense ali ngati Holland. Ku England, Mayer Hillman ndi anzace anafufuza ana a masukulu ena mu 1971, nabwereranso ku masukulu omwewo mu 1990. Anapeza kuti mu 1971 ana 80 mwa ana 100 a zaka 7 ndi 8 anali kupita ku sukulu popanda wamkulu, koma mu 1990 anatsala 9 okha. M'caka comweco anafufuzanso ana a ku Germany, napeza kuti iwo anali nao ufulu woposa kwambiri wa anzao a ku England. Mu 2015 bungwe la Policy Studies Institute la ku London linalinganiza maiko 16, ndipo ana a ku Finland ndiwo anapezeka omasuka koposa onse, otsatira ace nakhala a ku Germany.

Hillman anaonetsanso cinthu cina cofunika kucisunga. Pakati pa 1971 ndi 1990 imfa za ana pa miseu ya England zinatsika, ndipo akulu a boma anali kunena kuti miseu yakhala yabwino. Iye anayankha kuti magalimoto anaculuka, miseu niipira-ipira, koma ana ndiwo anacotsedwapo. Dziwe la ng'ona limene anthu analeka kusambamo silipha munthu, koma si ndiko kunena kuti ng'ona zinatha. Ku America nako imfa za ana oyenda pansi zinatsika kwambiri, ndipo cimodzi ca zifukwa zace ndico comweci.

MTENGO WACE

Pali njira ziwiri, tsono, zopulumutsira mwana ku galimoto, ndipo zonse ziwiri zicepetsa maliro. Koma mtengo wace ngwosiyana. Pa njira yoyamba alipira ndi woyendetsa galimoto, amene acedwa mphindi zowerengeka pa ulendo wace. Pa njira yaciwiri alipira ndi mwana, amene sadziwa njira ya kwao, sacezera mnzace popanda womnyamula, ndipo saphunzira kudziweruzira yekha coopsa ndi cosaopsa. Alipiranso ndi kholo, limene lisanduka woyendetsa wa mwana wace kufikira mwanayo atafika msinkhu woyendetsa yekha galimoto.

Mai wa ku Denmark uja sanali wolimba mtima kuposa amai a ku New York, ndipo amene anaitana apolisi sanali anthu oipa. Ali yense anacita monga mseu wa kwao unamphunzitsira. Mzinda wa Copenhagen unatseka mseu wace waukulu wa malonda, wochedwa Strøget, kuti magalimoto asalowemo mu 1962, ndipo m'zaka zotsatira unanka nubwezera miseu ndi mabwalo ena kwa oyenda pansi. Pa mseu wodzaza ndi anthu oyenda ndi okhala pansi, cikuku ca mwana ciri ndi maso ambiri ociyang'anira. Lamulo la ku Utah lingathe kumasula kholo ku mlandu, koma silingafupikitse mtunda wa ku sukulu, kapena kucepetsa liwiro la galimoto pa mphambano. Zimenezo zicitika pamene anthu a mu mzinda akhala pansi napangana za mwini mseu, monga anacitira a ku Cincinnati mu 1923 nasankha galimoto, ndi a ku Holland m'zaka za 1970 nasankha mwana.